Msoti wa Amayi Esteri

A Sandifolo Zuze anakhala kapitawo wa ng'ombe pa pulazi ina yaikulu ku Somabhula, kupitirira Gweru uko, kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ng'ombe zinalipo zoposa zikwi ziwiri, ndipo pa zonsezo panalibe ngakhale mchira umodzi umene unali wawo. Koma ndani akanalimba mtima kuwakumbutsa zimenezo? Iwo ankangoti "ng'ombe zanga", ndipo mwini pulazi yemwe akafuna kudziwa kanthu ankabwera kudzafunsa iwowo. Tsiku la dibi ankaima pa geti, ng'ombe zikudutsa m'fumbi zili piringupiringu, n'kumaloza ndi ndodo: iyo ili ndi bere la miyezi itatu, iyo mano atha, iyo mawa iyamba kutsimphina. Ndipo mawa lake inkatsimphinadi. Chimene ankadzitama nacho kuposa zonse n'chakuti chibadwire sananamepo za ng'ombe. Za mowa ananamapo, za kumene aswera ananamapo kambirimbiri, koma za ng'ombe ayi.

Mwini pulaziyo atamwalira, ana ake anagulitsa ziweto zonse. Malole anabwera kwa masabata atatu, ndipo amene ankakweza ng'ombezo anali a Sandifolo omwewo, akuzitchula mayina imodziimodzi. Lole yomaliza itapita anatenga akazi awo, amayi Esteri, ndi bedi ndi mipando, n'kudzakhala pa kapuloti kuseri kwa tauni ya Rutendo, kamene anasiya malemu alamu awo amene ankagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo ya m'deralo isanazime. Kapuloti kake, abale, kochititsa manyazi kwa munthu wozolowera kuyenda pa hatchi tsiku lathunthu osafika kumalire. Ukatsokomola kumalire a kum'mawa, neba wa kumadzulo amakufunsa ngati wamwa mankhwala. Chuma chonse chinali mbuzi zitatu, nkhuku khumi ndi imodzi, ndi bakha mmodzi amene anabwera yekha osaitanidwa.

Munthu wina akanangokhoma zikhomo zitatu, kumangirira mbuzizo, n'kukhala pansi kumwa tiyi. Osati a Sandifolo. Anakatola waya wadzimbiri ku Torwood n'kudula kapulotiko kukhala mapadoko asanu ndi limodzi, lililonse ndi geti lake ndi nambala yake yolembedwa pa chivindikiro cha chitini. Mbuzi zinkadya masiku anayi padoko loyamba, tsiku lachisanu n'kusamutsidwa kupita lachiwiri, mkuluyo ali pambuyo ndi likhweru, akukuwa m'Chilapalapa, chiyankhulo cha akapitawo a m'mapulazi, kuti "Hamba lapa! Checha!" ngati akukusa mazana. Akangotembenuka, mbuzizo zinkalumpha waya n'kubwerera kumene zafuna. Amayi Esteri popita kuchimbudzi ankatsegula ndi kutseka mageti atatu, ndipo akaiwala limodzi nkhani yake inkafika mpaka pa chakudya chamasana. M'mawa ziweto zinkawerengedwa, madzulonso chimodzimodzi. Mbuzi zitatu, munthu wamkulu kuziwerenga ndi ndodo, n'kubwerezanso kuopa kuti mwina walumpha ina.

Nkhuku nazo zinaona zosaona. Ikangopumula kuikira kwa masabata awiri, a Sandifolo ankaigwira, kuipima ndi zala, n'kugamula kuti ikungodya chimanga chaulere, ipite mumphika. Zitatsala zisanu ndi ziwiri, amayi Esteri anayamba kugula mazira ku takishopu ya ku Rutendo n'kumawaika mwakachetechete m'zisa za nkhuku zimene ankazikonda. Thadzi lina lokalamba, lothothoka nthenga pakhosi, linafika poikira awiri pa tsiku, ndipo mwamunayo ankauza aliyense kuti ndondomeko ya ku pulazi yayamba kugwira ntchito. Za ng'ombe ankadziwadi mkuluyu, koma za nkhuku, kaya.

Vuto lenileni linali manja ndi pakamwa. Akaona chiweto cha munthu manja ankawayabwa, ndipo chimene manja apeza pakamwa sipankasunga. Lamulungu lina a Gedion, mkulu wa mpingo, anabweretsa tonde kuti akhale mphatso ya abusa. Anthu akuimba nyimbo yothokoza pabwalo la tchalitchi, a Sandifolo anali atagwada kale, atamukanula tondeyo kukamwa. Nyimbo itangotha analengeza kuti tonde ameneyu nkhondo ya ufulu anaiona ndi maso ake, abusa akonzeretu nkhuni za tsanya za masiku awiri. Chiyambire tsiku limenelo a Gedion moni wawo anausunga m'thumba. Amayi Esteri ankawauza amuna awo kuti tsobola wakale sawawa, ukapitawo unatsalira ku Somabhula, koma iwo ankangoti "ehe" n'kupitiriza zomwezo.

Tsono pakhomopo panali nkhani ina yosaseketsa. Amayi Esteri sanaberekepo. Anayenda m'zipatala, anayenda kwa a mapemphero, mpaka analeka. Mng'ono wawo atamwalira ku Torwood n'kusiya khanda la miyezi itatu, iwo ndiwo analinyamula kupita nalo ku pulazi, n'kulilera ndi mkaka umene a Sandifolo ankakama ndi manja awo. Khanda limenelo ndi Runyararo, amene tsopano anali mphunzitsi ku Gweru, ndipo sankadziwa mayi wina koma Esteri. Runya anapeza mwamuna, Kudakwashe, Mshona wofatsa wa ku Zhombe amene ankayendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu, pakati pa Torwood ndi Kwekwe. Malowolo anachitika pa Isitala. Chinatsala chinthu chimodzi chokha, chimene Ashona amati mombe yeumai, ng'ombe ya umayi. Umenewu ndi msoti wamoyo umene mkamwini amapereka kwa mayi wobereka mkazi wake. Umakhala wa mayiyo yekha, mwamuna wake alibe nawo mawu, ndipo ukaswa mabanja awiriwo amakumananso kudzathokoza.

Pa tsiku la malowolo lija, azakhali ake a Kudakwashe, mayi wamtali wa lilime lakuthwa, anafunsa pagulu, mwaulemu wolasa, ngati ng'ombe ya mimba ingaperekedwe kwa munthu amene mimbayo sanainyamule. Runya, mwana woti chikulire sanayankhepo akuluakulu, anadzuka n'kunena m'Chishona chosapsatira kuti ng'ombeyo ipita kwa amayi Esteri monga amayi ake, apo ayi ukwati uthere pomwepo. Akuchimuna anavomera, koma kuvomera kwa pakamwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti pakangobuka kamkangano kalikonse pa tsiku lobweretsa ng'ombeyo, azakhaliwo adzaidzutsanso nkhani ija. Amayi Esteri anangosoketsa diresi latsopano ku Kwekwe, ndipo a Sandifolo anawaona kawiri konse akusesa pansi pa mtengo wa mango pamene ng'ombeyo idzaime, pamalo poti panalibe ndi kachitsotso komwe.

A Sandifolo nkhani ya ng'ombeyi inawalowa m'mutu mwa njira yawoyawo. Anamanga khola loti n'kulowa ng'ombe makumi awiri, ndi kampanda kopanikizira pobaya jakisoni, n'kusamutsa mbuzi kuti udzu wa padoko lachitatu upume. Anayamba kuyenda m'mapuloti a anthu kufunafuna nkhunzi yoyenera, n'kumazikana zonse pamaso pa eni ake asanazikhudze n'komwe. Anawerengera kuti msoti umodzi ukamaswa chaka ndi chaka, pakapita zaka khumi ndi ziwiri pakhomo padzafunika malo, ndipo anayamba kuuyang'ana munda wa neba ndi diso loipa. Akazi awo anawakumbutsa kuti ng'ombeyo ikubwerera mayi, osati bambo. Iwo anati palibe vuto, ngakhale ku Somabhula mwini wake anali wina.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ng'ombeyo ibwere, amayi Esteri anawaitana, kuwakhazika pampando, n'kuwaikira Baibulo pamiyendo.

"Bambo a Runya, mawa ndikupemphani chinthu chimodzi. Ng'ombe ija musaigwire, musaiyang'ane m'kamwa, musanene kanthu. Ngakhale ibwere ya miyendo itatu, inu muziti zikomo."

A Sandifolo anadandaula kuti akuwayesa mwana, kuti iwo ulemu amaudziwa, kuti tonde wa a Gedion uja analidi wokalamba ndipo abusa anachita kuvomereza okha pambuyo pake. Koma atayang'ana nkhope ya mkaziyo anaona kuti si za masewera, ndipo analumbira. Pofuna kutsimikiza, amayi Esteri anagamula kuti mawa mwamunayo agwire chipewa chake ndi manja onse awiri pamimba, kuyambira alendo akafika mpaka atapita, kuti manjawo akhale ndi ntchito.

Loweruka m'mawa, dzuwa litangokwera, kunamveka hutala. Patsogolo panali kalole kobwereka, pambuyo kombi ya Kudakwashe itadzaza achibale mpaka pachitseko. Aneba nawo anabwera mbwee, ati kudzathandiza kulandira alendo, koma chilungamo chake ankafuna kudzaona chimene a Sandifolo achite. A Gedion omwe, amene chaka chathunthu sanaponde pakhomopo, anabwera ndi mpando wawo n'kuuika pamalo oonekera bwino. Wotsogolera mwambo anali a Never, munyai, ndiye kuti nkhoswe ya pakati pa mabanja awiriwo, bambo wa suti yonyezimira amene akayamba kuyankhula saleka mpaka malovu aume.

Anthu anatsitsa msotiwo, ndipo amayi analulutira mpaka bakha uja anathawira padoko lachinayi. Unali wofiira, wonenepa, ubweya ukuchita kung'anima, kachigamba koyera pamphumi. Aliyense ankati koma ng'ombe ndi imeneyi. A Sandifolo okha, chipewa chili m'manja, anauyang'ana mokayika. Khosi lija linali lonenepa mopitirira, mutu wotambalala, kaimidwe kake ka kankhunzi. Anadziuza kuti si nkhani yawo, analumbira. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana machumuni akufa a fakitale, anayang'ana nsapato za a Never. Maso anabwerera okha ku msoti uja. Kuti atsimikize chimene ankachiopa ankafunika kuona malo awiri okha, kumawere ndi kunsi kwa mchira, ndipo malo onse awiriwo munthu sangawaone ataima chilili.

Ndiye chipewa chinagwa. Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba, koma chinagwa, n'kugubudukira mpaka pafupi ndi miyendo yakumbuyo ya ng'ombe. Pa lumbiro lija panalibe mawu oletsa munthu kutola chipewa chake. Anawerama pang'onopang'ono, mwaukalamba, n'kukhalitsa pansipo. Mawere anali tinthu ting'onoting'ono ngati nyemba, pa msoti wa msinkhu umenewo. Podzuka anakumana ndi maso a amayi Esteri, n'kubwerera msanga pamalo pawo. A Never ali mkati mofotokoza mbiri ya banja la ku Zhombe kuyambira kwa agogo a agogo, chipewa chinagwanso, ulendo uno kumbuyo kwenikweni. Msotiwo unapukusa mchira kuthamangitsa ntchentche, ndipo a Sandifolo anaona chimene sankafuna kuona, malo aja ochepa, ndi katsitsi kaatali kokhakhala kakulendewera pomwepo. Asanachitole chipewa chija, ng'ombeyo inakweza mchira bwinobwino n'kuchidzaza ndowe. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo a Never anati amenewo ndi madalitso, ng'ombe yavomera pakhomo. A Sandifolo anachikutumula chipewacho n'kuchigwiranso ndi manja awiri, poti lumbiro ndi lumbiro.

Kenako a Never anafika pachimake pa mawu awo. Anati banja la ku Zhombe silinatole ng'ombe ya m'njira ayi. Kudakwashe anasiya kombi masiku atatu, kuyenda midzi isanu ndi umodzi, kukana misoti yambirimbiri, mpaka anapeza uwu, umene mwini wake ankaukaniza. Chifukwa chake? Unabadwa mapasa, uwu ndi mnzake wamphongo, mimba imodzi. Magazi a mapasa amenewo, amayi adzasowa pomanga ana a ng'ombe. Anthu anawomba m'manja, ndipo Kudakwashe, atagwada chapatali monga mkamwini, anaweramitsa mutu ndi kunyada kwamanyazi.

A Sandifolo okha sanawombe nawo m'manja. Mwana wa kombi ameneyu, anamuuza ndani kuti mapasa ndi mwayi pa ng'ombe? Msoti wobadwa mapasa ndi wamphongo subereka. Iwo anaionapo yoposa makumi anayi, ndipo ku pulazi ankaidula khutu tsiku lobadwa lomwelo kuti isadzatayitse nthawi nkhunzi. Mwa yonseyo iwiri yokha ndi imene inaswa, ndipo iwiriyo sinkaoneka chonchi. Uwu ukanatha kukhala ndi nkhunzi zonse za ku Midlands osagwira bere mpaka kukalamba. Mkamwiniyo sanachite dala, mwina wogulitsayo nayenso sankadziwa. Koma mawu akuti "yosabereka" akangotuluka pabwalo pano, lero, azakhali aja ali pomwepo, palibe amene adzayang'ane ng'ombe. Maso onse adzatembenukira kwa Esteri. Anadzitonthoza kuti kukhala chete si kunama. Palibe wawafunsa, ndipo lumbiro limene dzulo ankadandaula nalo tsopano ankalithokoza mumtima.

Koma Satana sagona, ndipo tsiku limenelo anakhala pa mpando wa a Gedion. Chingwe chitangoperekedwa m'manja mwa amayi Esteri, mkulu wa mpingoyo anatsokomola n'kunena mokweza kuti n'zodabwitsa kuti pakhomo pa katswiri wa ng'ombe wa dera lonse, munthu woti amayeza ndi atonde a eni ake patchalitchi, ng'ombe ilandiridwe osaiyeza. Amayi Esteri anati palibe chifukwa, mphatso siyezedwa. Koma azakhali aja anali atadzuka kale. Anati a Gedion anena zoona, a Sandifolo aiyeze pompano pamaso pa anthu, kuti mawa pasadzamveke zoti a ku Zhombe anabweretsa chinthu chopanda pake. A Never anavomereza, anthu anavomereza. Amayi Esteri anawayang'ana amuna awo n'kugwedeza mutu pang'ono kuwamasula, koma mantha anali kuonekera pankhope.

A Sandifolo anaika chipewa pansi. Panali patapita zaka zisanu manja awo asanagwire ng'ombe, ndipo atangokhudza khosi lofundalo misozi inatsala pang'ono kuwachititsa manyazi. Manjawo anayamba okha ntchito yawo. Anaikanula kukamwa, mano akuluakulu awiri, zaka ziwiri ndendende. Anatsetsereka pamsana, anatsina chikopa, anakweza ziboda chimodzichimodzi, anagwada n'kupapasa kumawere, anakweza mchira. Ankachita pang'onopang'ono dala, akupemphera kuti manja atsutse zimene maso aona. Sanatsutse. Atadzuka anaona akazi awo ataima njo mu diresi latsopano lija, chingwe atachikulunga kawiri padzanja ngati wina awalanda, Runya atagwada pambali pawo atagwira mpendero wa diresilo.

"Tiuzeni, baba," anatero azakhali aja. "Ili bwanji?"

A Sandifolo anayesa kuzemba. Anati mano ali bwino, ziboda zili bwino, nkhupakupa palibe, msana ndi wowongoka, ndipo zonsezo zinali zoona. Anawonjezeranso kuti mtundu wake ndi wokongola. Mayiyo anawadikira mpaka amalize.

"Zimenezo tikuziona tokha. Ine ndikufunsa chimodzi. Idzabereka?"

A Gedion anasendeza mpando kutsogolo. A Sandifolo anauzapo zoona azungu okwiya, madokotala a ziweto, ogula ochenjera a ku Bulawayo, osaphethira ngakhale kamodzi. Dzina lawo lonse linali limenelo, chuma china analibe.

"Idzabereka," anatero. "Msoti wabwino kwambiri uwu. Tatenda, zikomo."

Nthungululu zinamveka mpaka mkati mwa Rutendo. Runya analira, amayi Esteri anavina chingwe chili m'manja, ndipo azakhali aja, poti zoona zake sanali munthu woipa mtima koma wokonda kutsimikiza, anavula chitenje chawo n'kuwamanga nacho m'chiuno, akuwatchula kuti amai vaRunya pamaso pa onse. A Gedion ananyamula mpando wawo n'kumapita osadikira mpunga, atakhumudwa kwambiri. A Sandifolo anapatsidwa ntchafu ya nkhuku, koma kukoma kwake sanakumve. Aliyense wobwera kudzawagwira chanza ankati ngati anena a Sandifolo ndiye basi, ndipo mawu amenewo ankawabaya kuposa chitonzo.

Alendo ananyamuka dzuwa litapendeka, Runya n'kupita nawo kukawasiya ku Torwood. Pakhomo panatsala anthu awiri ndi mulu wa mbale zosatsuka. A Sandifolo anawapeza akazi awo pansi pa mango paja, akukanda msotiwo kuseri kwa khutu.

"Nenani," anatero amayi Esteri osatembenuka.

Mwamunayo anati palibe choti anene, zonse wanena kale pagulu. Mkaziyo anati zaka makumi anayi ali nawo sanawamvepo akuyamikira chiweto popanda "koma", ngakhale nkhunzi yopata mendulo ku chionetsero cha ku Gweru anaipezera chilema, ndiye lero "wabwino kwambiri" wachokera kuti? Apo a Sandifolo anaulula zonse, za mapasa, za mawere, za kunsi kwa mchira. Pofotokozapo anayamba kupepukidwa, mpaka liwu la ukapitawo linabwerera.

Ndipo nzeru anali nayo kale, anaiganiza akutafuna nkhuku ija. Mnzawo wakale wa ku pulazi, Manson, ali ndi misoti yofiira kupitirira Kwekwe uko, ina ya kachigamba pamphumi ndithu. Lolemba akamuona, akasinthana mwakachetechete, uwu Manson akaunenepetse n'kupereka kwa abutchala, pano pabwere wina wobereka. Kudakwashe sangasiyanitse, munthu woti ng'ombe amaionera pa windo la kombi. Pofika chaka chamawa mwana wa ng'ombe ali pakhomo, a ku Zhombe akondwa, bodza lija lasanduka zoona, palibe wachita manyazi. Anamaliza ali wefuwefu, akudziona kuti akhala mwamuna wabwino kawiri pa tsiku limodzi.

Amayi Esteri anapitiriza kukanda ng'ombeyo kwa nthawi yaitali.

"Kusinthana mwakachetechete, pabwere wina wobereka," anatero potsiriza. "Mawu amenewo ndinawamvapo. Alongo anu ankawanena kuseri kwa khola la ana a ng'ombe, chaka chija anabwera ndi mtsikana wa ku Mbizo ati adzatithandize ntchito. Ine ndinali mkatimo, ndikutsuka zidebe."

A Sandifolo sankadziwa kuti mkaziyu anamva. Anakana nthawi imeneyo kumutenga mtsikana uja kuti awaberekere ana, inde anakana, ndipo mtsikanayo anabwerera kwawo. Koma zinawatengera masabata awiri kuti akane, ndipo lero ndi pamene anazindikira kuti masabata awiri amenewo Esteri anawakhala tsiku ndi tsiku, akuwaphikira, akuwachapira, osanena kanthu. Anagwidwa ndi manyazi oti sanawamvepo chibadwire, oposa a bodza lija. Anafuna kupepesa, koma anasowa poyambira, ndiye anangonena zimene zinali pafupi.

"Koma adzafunsa, amake Runya. Chikatha chaka, ziwiri, azakhali aja adzabwera kudzafunsa kuti bwanji siikubereka."

"Adzafunse ine," anatero amayi Esteri. "Funso limenelo ndinalizolowera, kayankhidwe kake ndikukadziwa. Iyi ndi imene wandipatsa mwana wanga, ndipo idzakalambira pompano. Katungeni madzi, yakhala ndi ludzu kuyambira m'mawa."

A Sandifolo ananyamula ndowa ziwiri kupita ku mpope. Anabwera nazo zodzaza, n'kuima pambali pa akazi awo mpaka ng'ombeyo itamwa n'kukhuta.